Nyumba Yoyezera Achemwali

Kwawo ankamutchula Wamakatani. Dzinali analiyambitsa ndi alamu ake, amuna a akulu ake, tsiku limene iye anabwera kuchokera ku koleji atanyamula satifiketi ya luso lokonza m'kati mwa nyumba. Alamuwo anaitembenuza satifiketiyo uku ndi uku, n'kufunsa ngati zaka zonsezi mwanayu ankangophunzira kupachika makatani. Anthu anaseka, iyenso anaseka nawo, dzina n'kukakamira. Ngakhale atatsegula kaofesi kake pamwamba pa sitolo ya mankhwala, chikwangwani chili pakhomo, azakhali akafuna kumutuma ankangoti, uzani Wamakatani.

Koma makatani ankabwera kumapeto kwenikweni kwa ntchito yake. Akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba wakhala kaye phee, kuona kumene dzuwa limalowera m'mawa, pamene anthu amagundana mapewa podutsana, chitseko chimene chimamenya kabati chikatsegulidwa. Ankafunsa mafunso oti eni nyumba ena ankachita nawo manyazi: amayamba kudzuka ndani, nsapato mumavulira pati, mukakangana winayo amakakhala chipinda chiti. Akamva zimenezo m'pamene ankatulutsa tepi yoyezera.

Woyamba kugonja anali alamu omwewo. Anthu ankawatchula a Matayala chifukwa cha sitolo yawo ya m'mbali mwa msewu waukulu. M'sitolomo munali mdima ngati m'phanga. Kauntala inabisala kuseri kwa mulu wa matayala, makasitomala ankadikira ataima padzuwa, antchito akugubuduza katundu yense kufunafuna saizi imodzi. Munthu wina atatsegula sitolo ngati yomweyo kutsidya kwa msewu, malonda anayamba kuzizira, ndipo akulu ake a Wamakatani anamupempha kuti akaoneko. Sanagule zambiri. Anasunthira kauntala pafupi ndi khomo, anasanja matayala m'mashelefu achitsulo motsata saizi, anabowola khoma n'kuikapo galasi lalikulu kuti munthu atakhala pabenchi aziona galimoto yake ikukonzedwa. Anakakamiranso kuti chimbudzi cha makasitomala chikhale ndi loko komanso sinki, alamu akunyinyirika kuti iwo amagulitsa matayala osati malo ogona. Posakhalitsa azimayi oyendetsa magalimoto anayamba kuuzana za sitoloyo, amuna awo n'kumatsatira. A Matayala sanalisiye dzina lija, koma tsopano ankalitchula monyadira, akuuza anzawo kuti mlamu wawo amaona zimene ena saona.

Chimene chinkamupweteka Wamakatani n'chakuti munthu amene ankafunitsitsa kumukonzera nyumba, sankatha kumukonzera. Akulu akewo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, iye akadali wamng'ono wosadziwa n'komwe kupesa tsitsi lake. Anagwira unamwino mpaka chiuno chinakana, n'kupuma ntchito nthawi isanakwane, akuyenda mokoka mwendo umodzi. Anali aafupi, amanzere, osakonda kudandaula. Moyo wawo wonse wa m'banja anaukhala m'nyumba ya lendi imene mwini wake sankalola ngakhale msomali pakhoma. Polowa kubafa panali masitepe otsika. Makabati a m'khitchini anali m'mwamba moti ankakwera pakampando kuti atenge mbale, ndipo sinki inali pakona pamene chigongono chawo chamanzere chinkagunda khoma. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali atakula, ali pantchito ku tauni ina ndi banja lake, ndiye masana onse mayiwo ankakhala okha m'nyumbamo. Wamakatani akabwera kudzacheza ankaona zonsezi n'kungomeza malovu.

Tsiku lina chakumasana a Matayala anakwera masitepe a ku ofesi kwake akupuma wefuwefu, n'kutseka chitseko ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Koma nkhope yawo inali yowala. Anaika makiyi patebulo, n'kunena kuti agula nyumba kunja kwa tauni, yosamalizidwa. Makoma alipo, denga lilipo, koma m'kati mulibe ngakhale pulasitala. Ankafuna iye aimalize ndi nzeru zake zonse, asaumire kanthu.

"Ndi ya madamu," anatero motsitsa mawu. "Koma achemwali anu asamve, mwamva alamu? Nkhaniyi ithere muno."

Wamakatani anagwira makiyiwo, misozi n'kulengeza. Anawagwira alamu ake dzanja ndi manja ake onse awiri, kuwathokoza ngati nyumbayo apatsa iyeyo. Iwo anaseka, nati asalire chifukwa penti yakumaso ichoka asanayambe n'komwe yapakhoma.

Ntchito zina zonse anazikankhira kumbuyo. Aka kanali koyamba kukonza nyumba popanda kufunsa mwini wake funso lililonse, ndipo sanaone vuto, pakuti mayankho onse anali nawo kale. Ankadziwa kuti akulu ake amadzuka kusanache bwino, amakonda kumwa tiyi atayang'ana panja, amadana ndi getsi lowala pamutu chifukwa limawakumbutsa mu wodi. Ankadziwa kuti akatopa amayenda atatsamira khoma, koma ukawapatsa ndodo amakwiya.

Anayamba ndi pansi. Anauza omanga kuti nyumba yonse ikhale yofanana kuyambira pakhonde mpaka kubafa, pasapezeke poti phazi likwere kapena kutsika. Makomo anawakulitsa. Matailosi anasankha osaterera, amtundu wa mchenga wouma. M'bafa anamangitsa kabenchi kasimenti pansi pa shawa. M'mbali mwa kanjira kopita kuzipinda anakhomeretsa thabwa losalala, lopaka vanishi, loti mlendo angoti n'chokongoletsa pamene kwenikweni linali pogwira. Akalipentala amene anagwira naye ntchito kuyambira pamene ankayamba, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, analipala thabwalo mpaka linafewa ngati tsaya la khanda.

Khitchini ndi imene inamudya mutu. Ankafuna kuti tebulo lophikira likhale pa msinkhu weniweni wa akulu ake, ndipo zoyerekeza sankazikhulupirira. Ndiye Loweruka lina anapita kwawo ndi tepi, n'kunama kuti mnzake wina telala akufuna kuwasokera diresi. Anawayeza m'mapewa ndi m'chiuno kuti bodza likhale ndi miyendo, kenako anawauza kuti apinde mkono, n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pachigongono. Akulu akewo anamuyang'ana chammbali, n'kufunsa kuti ndi diresi lanji limene amayeza kuyambira pasimenti. Iye anati ndi masitayilo atsopano, iwo sangawadziwe. Anaseka onse mpaka kugwirana mapewa, ndipo pobwerera ankaimba yekha m'galimoto.

Anatsitsa tebulo lophikira. Mashelefu a mbale za tsiku ndi tsiku anawaika poti munthu wamfupi angotambasula dzanja. Sinki anaitembenuza, poumitsira mbale n'kupita mbali inayo, zitseko za makabati n'kumatsegukira kumene dzanja lamanzere limafuna. Kachipinda koyang'ana kum'mawa anakasiyira wailesi, mpando wabwino ndi mashini osokera amene akulu ake ankangowafunditsa nsalu chifukwa chosowa powaika. Makoma ake anawapaka mtundu wobiriwira pang'ono, wofanana ndi diresi limene akulu akewo ankavala kutchalitchi iye ali mwana.

Ntchito itafika pakati, a Matayala anayamba kubwera ndi maganizo. Poyamba anati tebulo lophikira latsika kwambiri, munthu wamtali angathyoke msana. Wamakatani anawakumbutsa kuti wophika m'nyumbamo si wamtali. Iwo anati nyumba imamangidwa moganizira mawa, ukadzafuna kugulitsa umavutika. Anakangana mwachilamu, nthabwala zili m'kati, mpaka anagwirizana kuti mbali imodzi ikwere, ina ikhale momwemo. Kenako anafuna kalilole wamkulu kuchipinda chogona, woonetsa munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi shelefu yaitali ya nsapato. Akulu ake nsapato zawo zonse zinkakwana m'jumbo imodzi, koma Wamakatani anaganiza kuti mwina alamu akufuna kuyamba kuwagulira. Pomaliza anati kachipinda kobiriwira kaja kapakidwe chikasu chowala, ndipo mazenera ake aikidwe sefa wothina, chifukwa adzukulu azidzagona momwemo akabwera. Apa iye anakana masiku angapo. Koma makiyi anali awo, ndipo anadziuza kuti mwamuna woganizira adzukulu si woti uzilimbana naye. Mashini osokera anawapezera kona pabalaza.

Nthawi imeneyo anaona kuti akalipentala asiya kumuyang'ana m'maso. Anangoti mwina ndi kutopa.

Telala anamaliza makatani msanga kuposa mmene analonjezera, ndiye Wamakatani anawanyamula kupita nawo kunyumbako tsiku limene anali atanena kuti sabwera. Panja anapeza kagalimoto kofiira kamene sanakaonepo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo m'khitchini munkamveka mawu a mayi akuseka.

Anali wamtali, wachitsikana, woyembekezera moti mimba inali itatsogola. Nsapato anali atavula, akuyenda pamatailosi ndi mapazi otupa. M'dzanja anali ndi makiyi a nyumbayo. Akalipentala anali atagwada pafupi ndi kabati, ndipo ataona Wamakatani pakhomo anangoweramira pansi, ngati msomali umene agwetsa ndi wagolide.

"Ndinu amene mwapanga zonsezi?" mayiyo anafunsa, nkhope yonse ikumwetulira. "Ndakhala ndikuwapempha bambo akunyumba kuti ndikuoneni, koma amangoti ndinu otanganidwa."

Wamakatani anafunsa kuti bambo ake ati, ndipo mayiyo anatchula sitolo ya matayala ya m'mbali mwa msewu waukulu, mosavuta, ngati akutchula dzina la mudzi wakwawo.

Kenako anamugwira mkono n'kuyamba kumuonetsa nyumba imene iye mwini anaijambula. Analibe mwano ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi n'zimene zinapweteka kwambiri. Anati sanaonepo nyumba yomvera thupi chonchi. Kumene ankakhala ankaopa kusamba chifukwa cha kuterera, koma kuno angokhala pakabenchi madzi n'kumamugwera. Anasisita thabwa la m'kanjira lija, nati poyamba ankaliona ngati chokongoletsa, koma dzana chizungulire chitamugwira dzanja linapita lokha pamenepo. Anatsegula kachipinda kachikasu n'kuonetsa pamene kabedi ka mwana kadzakhale. Anati munthu amene anaganiza zonsezi ayenera kuti ali ndi mtima wabwino, chifukwa zikuoneka kuti ankaganizira winawake.

Wamakatani ankangotsatira. Ali kuchipinda chogona, patsogolo pa bedi limene analisankha yekha atagonapo kaye m'sitolo kuti amve ngati silipweteka chiuno, mayiyo ananena mongodutsa kuti amuna akewo avutika mokwanira. Banja lawo loyamba linatha kalekale, mkazi woyambayo ndi wodwaladwala, akusungidwa ndi abale ake. Tsopano ayenera kupuma m'nyumba yabwino.

Atabwerera m'khitchini, mayiyo anati dandaulo lake ndi limodzi lokha. Sinki ndi makabati zikukhala ngati zinapangidwira munthu wamanzere.

"Kapena ndinu amanzere?"

"Ayi," anatero Wamakatani. "Si ine."

Anatuluka osatsanzika bwino. Akalipentala anamutsatira mpaka pagalimoto, chipewa chili m'manja. Anati a Matayala anawauza kuti Wamakatani akudziwa zonse, kuti pachibale anakambirana kale. Pamene anazindikira kuti si zoona, ntchito inali itapita patali, ndipo sanadziwe poyambira. Amisiri onse ankadziwa, wamagetsi, wopenta, ngakhale wobweretsa mchenga. Wamakatani anakumbukira mmene ankawafotokozera anthu amenewa za chiuno cha akulu ake, akuwauza kuti asamale ngodya iliyonse, iwo akugwedeza mitu. Analiza galimoto makatani akadali kumpando wakumbuyo.

Kusitolo anapeza mabenchi ali odzaza. A Matayala anamuonera pagalasi lalikulu lija akutsika m'galimoto, ndipo ayenera kuti anaiwerenga nkhope yake, chifukwa anamulandirira pakhomo n'kumulowetsa mu ofesi yakumbuyo makasitomala asanamve kanthu. Anamupatsa mpando, iye anakana. Anawauza kumene akuchokera ndi munthu amene wamupeza.

Sanadzidzimuke. Anakhala pansi, n'kupukuta magalasi awo ndi shati.

"Ine ndinati ndi ya madamu," anatero. "Dzina sindinatchule."

Anapitiriza modekha, ngati akufotokozera kasitomala chifukwa chake tayala latha mbali imodzi. Achemwali ake sakuwathamangitsa, lendi azilipirabe, mankhwala azigulabe, palibe chimene adzasowe. Koma iwonso ndi munthu, ndipo mwana akubwera. Ankafuna dzanja labwino kuposa onse m'tauni muno, ndipo dzanjalo ndi la mlamu wawo. Akananena zoona, iye akanavomera? Ndipotu iye ndi munthu wa ntchito. Dokotala sasankha wodwala, nanga wokonza nyumba asankhirenji wogonamo?

"Ndinakayeza mkono wa achemwali anga," anatero Wamakatani. "Ndinawanamiza m'nyumba mwawo chifukwa cha inu."

"Sindinakutumeni, alamu. Munapita nokha."

Zinali zoona, ndipo zinamulasa kuposa bodza lonse lija. Anatembenuka kuti azipita. Ali pachitseko, a Matayala anamukumbutsa kuti achemwali ake magazi amathamanga, nkhani ngati imeneyi ikhoza kuwagwetsa. Anati ngati wasankha kukawauza, asaiwale kuwauzanso amene anasankha bedi.

Anayendetsa galimoto mozungulira tauni osadziwa kolowera. Anaima pamalo omwetsera mafuta ngakhale thanki inali yodzaza, n'kukhala pamenepo mpaka wantchito anabwera kudzafunsa ngati ali bwino. Anaganiza zokhala chete. Anaganiza zoimbira kaye mwana wa akulu akewo. Koma ankadziwa kuti tsiku lililonse limene angakhale chete likhala tsiku limene wagwirizana ndi alamu ake mwadala. Dzuwa lisanapendeke kwambiri anali ataima pakhomo pa nyumba ya lendi ija.

M'kanjira munali makatoni. Ena anali omata kale, ena otsegula, mbale zagalasi zitakulungidwa m'nyuzipepala imodziimodzi. Akulu ake anatuluka m'khitchini akupukuta manja, ndipo ataona kuti mng'ono wawo akuyang'ana makatoniwo anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Usadandaule," anatero. "Tsiku lake ndidzachita ngati ndadzidzimuka."

Anati anadziwa kalekale. Diresi lija silinabwere. Tsiku lina anasuzumira m'galimoto ya mng'ono wawoyo n'kuona kabolodi kopakidwa mtundu wobiriwira umene iwo amaukonda. Bambo akunyumba ankabwera nsapato zili ndi fumbi la simenti. Anangolumikiza. Ndiye ankalongedza pang'onopang'ono masana, bambowo akafunsa n'kumati akuthawitsa mbale ku mphemvu.

Wamakatani anawapempha kuti akhale pansi. Anayamba ndi mayi wamtali uja, akuganiza kuti pamenepo ndi pamene pali phompho. Koma akulu ake anangogwedeza mutu. Za mtsikanayo ankazidziwa, anzawo akale a kuntchito anawatsina khutu chaka chatha. Sananene kwa aliyense, ngakhale kwa iye, chifukwa ankaona kuti ndi mphepo yongodutsa. Ndipo ataona za nyumbazi mtima wawo unakhala pansi. Anati mumtima, bamboyu wabwerera, pakamwa sangathe kupepesa koma akupepesa ndi njerwa. Ndipo ngati mng'ono wanga ali m'katimo, ndiye kuti n'zoona.

Apa Wamakatani ananena zotsalazo. Sanabise kanthu, ngakhale za bedi.

Akulu ake sanagwe, sanalire. Dzanja lawo lamanzere linkangosalaza nyuzipepala imene inali pamwendo pawo.

"Ndi yokongola?" anafunsa.

"Ndi yokongola."

"Kubafa kulibe masitepe?"

"Kulibe, achemwali."

Anagwedezanso mutu pang'onopang'ono. Anati ndiye kuti zonse zimene mng'ono wawo amadziwa za iwo, mmene amadzukira, mmene amatsamirira khoma akaganiza kuti palibe akuwaona, zonsezo zili m'nyumba ya mkazi wina. Wamakatani anagwada pambali pawo, akunena kuti sankadziwa, kuti naye amuyenda pansi. Iwo anati akumukhulupirira. Kenako anachotsa dzanja lawo m'manja mwake mofatsa, n'kumuuza kuti apite kaye.

Achibale atamva, anakhala pansi kangapo, koma palibe chimene anakonza. A Matayala anasamukira kunyumba yatsopano mwana asanabadwe. Chimene Wamakatani sanayembekezere n'chakuti mkwiyo wa abale ugwera iyeyo. Azakhali ananena pagulu kuti munthu amene amatama maso ake, woona ngakhale chitseko chopendekeka, sangalephere kuona shelefu ya nsapato za mkazi wina. Ena anati anadziwa koma ntchito inamukomera. Akulu ake anali pomwepo. Sanamuneneze, koma sanamuikirenso kumbuyo. Iye mwini, akakhala yekha mu ofesi, ankabwerera ku kalilole uja ndi penti yachikasu ija, n'kumadzifunsa ngati sanaone kapena sanafune kuona.

Pamene zinali choncho foni yake inkangolira. Anzake a mayi wamtali uja anali ataiona nyumbayo, ndipo aliyense ankafuna khitchini ngati imeneyo, bafa ngati limenelo. Mayi wina anabwera ndi zithunzi pafoni, akumuonetsa thabwa la m'kanjira ngati iye sakulidziwa. Ena anawakana, ena anawalandira, chifukwa ntchito ndi imeneyo ndipo ina analibe. Akalipentala anawasiya kwa kanthawi n'kuyesa ena, koma makabati awo ankatsekeka mokakamiza, ndipo pamapeto pake anawaitananso. Ankagwira ntchito limodzi bwinobwino, koma tiyi aliyense ankamwera pake. Bambo wina atabwera ndi makiyi, akunong'ona kuti akufuna kudzidzimutsa akazi awo, Wamakatani anamuuza kuti abwere nawo akaziwo, adzakhale pampando uwo, ayankhe okha mafunso. Bamboyo anatola makiyi ake mokwiya, ndipo sanabwerenso.

Mvula isanayambe, mwana wa akulu ake anabwera ndi lole kudzatenga mayi ake kuti azikakhala nawo. Wamakatani anapita kukathandiza ngakhale sanaitanidwe. Ananyamula makatoni, anamanga mipando ndi zingwe, anasesa zipinda. Akulu ake ankamuyankha bwinobwino akafunsa kuti ichi chipite kapena chitsale. Katundu atatha, mayiwo anaima pafupi ndi chitseko cha lole, mwana wawo akudikira kuti awakweze. Anamukonzera mng'ono wawo kolala ya bulauzi imene inapindika, monga ankachitira akamamuperekeza kusukulu.

"Sindinakukwiyire iwe," anatero. "Koma ndikakuona ndimaona nyumba ija. Undipatse nthawi."

Wamakatani anavomera ndi mutu. Lole inanyamuka, iye n'kutsala ndi tsache m'manja.

Amaimbirana foni masiku ano. Amafunsana za thanzi, za adzukulu, za mvula ngati yagwa kumeneko. Nthawi zina akulu ake amaseka ndithu, kuseka kwawo kwakale kuja. Anamuuzapo kuti apatsidwa chipinda chakumbuyo, ndipo mpongozi wawo ndi munthu wabwino. Wamakatani amafuna kufunsa kuti zenera layang'ana kuti, bedi aliika mbali iti, kubafa amafikako bwanji. Mafunsowo amafika pakamwa n'kubwerera. Iwonso sanamufunsepo kuti mpando auike pati.